Mtima ukagwira miyala: sikani, mpeni, singano kapena maikulosikopu, chimaona bwino ndi chiti munthu atamwalira?

Pali kaphokoso kena kake komwe munthu amene anaimapo pafupi ndi tebulo lopimira mitembo sakaiwala. Nthawi zambiri mpeni ukamadula mnofu wa mtima umangolowa phee popanda chovuta, koma tsiku lina umamva kuti khwerere ngati wadutsa pamchenga, dokotala nkuima kaye, nkupisapo chala nkumva timibulu tolimba totuwa ngati choko, pena kachigamba konse kolimba kuti gwa ngati chigoba cha dzira mkati mwenimweni mwa khoma la mtima. Ameneyo ndi kashiamu, yemwe uja amalimbitsa mafupa ndi mano athu, kungoti apa wakakhala malo oti si ake. Mnofu woti ntchito yake ndi kufinya ndi kumasuka maulendo pafupifupi 100,000 pa tsiku wayamba kusanduka mwala.

Funso lomwe anamfedwa amafunsa kawirikawiri, ngakhalenso ophunzira zachipatala, ndi loti munthu akamwalira mwadzidzidzi anthu nkumaganizira mtima, njira yabwino yodziwira chomwe chachitika ndi iti, kungomujambula pa sikani basi, kumutsegula, kapena kutenga tizidutswa ndi singano? Ine maganizo anga ndiwanenerathu pompano kuti tisazungulirane. Kupeza kashiamu mumtima wa malemu sikovuta kwenikweni, sikani ya CT imamuona bwino kuposa maso a munthu, chovuta ndi kudziwa kuti wafika bwanji pamenepo, komanso ngati ndi iyeyo wapha munthu kapena munthuyo anangokhala naye zaka ndi zaka osamva kanthu, ndipo funso limeneli makina ojambula paokha sangaliyankhe olo atakhala atsopano bwanji.

Tidziwe kaye chomwe tikusakacho, chifukwa miyala ya mumnofu wa mtima ili mitundu iwiri ndipo mukasokoneza apa ndiye kuti lipoti lonse lasokonekera. Mtundu woyamba madokotala amati dystrophic. Apa kashiamu wa m'magazi ali bwinobwino, koma mbali ina ya mnofu inafa kapena inavulala, ndiye kashiamu amakaunjikana pomwe pafapo. Selo ya mtima ikamafa kachikopa kake kamayamba kudontha, kashiamu wa kunja nkukhamukira mkati, nkukadzadza timagawo tija topanga mphamvu totchedwa mitochondria, nkugwirana ndi fosifeti, basi timibulu tayambika. Zimachitika pa chipsera cha munthu yemwe mtsempha wa mtima unamutsekekerapo kalekale, makamaka pomwe khoma linapyapyala nkufufuma ngati thumba, zimachitikanso mtima ukatupa chifukwa cha mavairasi, pambuyo pa opaleshoni ya mtima, kwa makanda omwe anasowa mpweya pobadwa, komanso kwa anthu omwe anadwala sepsis yoopsa, ija yoti matenda a tizilombo asokoneza thupi lonse, nkukhala masiku ambiri ku ICU akulandira mankhwala amphamvu okweza BP monga noradrenaline. Ya sepsis iyi ine imandikhudza kwambiri chifukwa siidikira zaka ayi, khoma la mtima litha kuyamba kuyera pa sikani m'masabata owerengeka chabe, munthu woti poyamba mtima wake unalibe vuto.

Mtundu wachiwiri ndi metastatic, ndipo musadzidzimuke ndi dzinali, silikunena za khansa. Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany uja, ndi amene analongosola zimenezi mu 1855. Apa vuto lili m'magazi, kashiamu ndi fosifeti achuluka moti akungotsakamira paliponse, olo pamnofu wabwinobwino. Chomwe chimayambitsa kwambiri ndi impso zomwe zinasiya kugwira ntchito, makamaka kwa omwe akhala zaka pa makina osefa magazi, kenako timaglandi tinayi tating'onoting'ono ta kuseli kwa chithokomiro totchedwa parathyroid tikamagwira ntchito mopyola, kapena vitamini D akachulukitsa m'thupi. Chizindikiro chake nchoti mtima sukhala wokha, mapapo, impso, khoma la chifu ndi mitsempha nazonso zimakhala zagwira. Sungani mfundo imeneyi chifukwa ibweranso, njira yomwe ikungoyang'ana mtima wokha siingathe kusiyanitsa mitundu iwiriyi bwinobwino.

China chomwe chimasokoneza anthu ndi malo. Mukamva kuti mtima unali ndi kashiamu, funsani kuti potipoti. Wa m'mitsempha yodyetsa mtima, ma coronary aja, ndi wofala kwambiri kwa achikulire ndipo ndi nkhani ina. Wa pa mavalavu kapena pa mkombero wa valavu ya mitral ndi inanso. Wa pa kathumba kokuta mtima nthawi zambiri amatsalira pambuyo pa kutupa kwa nthawi yaitali, monga kwa TB, ndipo amaumanga mtima ngati waikidwa m'chigoba. Palinso magazi oundana akalekale omwe anamatirira kukhoma nkuuma. Wa mkati mwa mnofu mwenimweni sapezekapezeka, ndiye chifukwa chake pamafunika kusamala munthu asanalembe kuti wamupeza.

Tsopano njirazo. Yoyamba ndingoidutsa msanga, ndi ija yofunsa achibale mafunso za mmene malemu amadwalira, yomwe bungwe la WHO linaikonzera mafomu ake. Imathandiza powerengera zomwe zikupha anthu kumalo komwe kulibe madokotala opima mitembo, koma pankhani yathuyi siingaone kanthu. Chomwe ingapereke ndi mbiri basi, kuti munthuyu anali ndi vuto la impso, kapena anagonako ku ICU miyezi iwiri yapitayo, ndipo mbiri imeneyo ndi yamtengo wapatali kwa yemwe adzagwire mpeni kapena kuwerenga chithunzi.

Ekisire wamba, yemwe anatulukiridwa ndi Röntgen mu 1895, amapezeka m'zipatala zambiri ndipo sachedwa. Kashiamu akakhala wambiri, monga kamzere kokhota kotsata chipsera chakale kunsonga ya mtima, amaoneka ndithu. Koma chithunzi chake nchophwatalala, nthiti, chichereche cha nthiti chomwe chinauma ndi ukalamba, fupa la msana, zonse zimasanjikizana pamwamba pa mtima, ndiye simungalumbire kuti choyeracho chili mumnofu kapena pa kathumba kakunja. Timibulu tating'ono ndiye sationa nkomwe. Pomwe ekisire amandisangalatsa ndi mtima ukachotsedwa kale m'thupi, nkuujambula paokha kapena magawo ake atayalidwa, apo palibe nthiti zotchinga ndipo amakulozerani pomwe muyenera kudula. Komwe kulibe CT, kanjira aka nkothandiza kuposa mmene anthu amakaganizira ndipo sikafuna zida zachilendo.

CT ndiye mfumu pankhani yongopeza kashiamu, apa palibe kutsutsana. Makinawa, omwe Godfrey Hounsfield anajambulira wodwala woyamba ku London mu 1971, amadula thupi m'magawo opyapyala osakwana milimita imodzi pakompyuta, ndipo chinthu chilichonse amachipatsa nambala ya kulimba kwake, madzi ndi 0, mpweya ndi -1000, mnofu uli cha m'ma 40 kapena 50, ndipo muyezo womwe Agatston anakhazikitsa mu 1990 umatenga chilichonse chofika 130 kukwera m'mwamba ngati kashiamu. Ndiye pachithunzi mnofu umaoneka wotuwa, mwala nkuyera kuti mbee, ndipo mumaona bwinobwino kuti uli m'khoma, mumtsempha kapena pa valavu. Kwa malemu zithunzi zimatuluka bwino kuposa za wamoyo chifukwa mtima sukugunda, sakupuma, komanso palibe nkhawa ya mphamvu ya ekisire. Thupi silichotsedwa nkomwe m'thumba lake, mphindi zochepa zatheka, ndipo thupi lonse lajambulidwa, kutanthauza kuti mapapo, impso ndi mitsempha nazonso zaoneka, ija mfundo ndinati muisunge ija. Zithunzizo zimasungika, dokotala wina kutali atha kudzaziwerenganso patapita zaka, zomwe sizitheka ndi mtima womwe wadulidwa kale nkuikidwa m'manda. Ku Bern ku Switzerland gulu la Richard Dirnhofer ndi Michael Thali linakankha kwambiri njirayi pansi pa dzina loti Virtopsy, ndipo ku Melbourne ndi ku Japan kujambula mitembo kunasanduka ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Ubwino wina ngoti kashiamu saola. Thupi likayamba kuwonongeka mnofu umafewa nkudzadza mpweya, maselo pa maikulosikopu saonekanso bwino, koma mwala umakhalabe. Mu 2013 akatswiri anafalitsa zomwe anapeza atajambula pa CT mitembo youmikidwa yakalekale 137 ya ku Egypt, Peru ndi madera ena, ndipo 47 mwa iyo inaonetsa zizindikiro za matenda a mitsempha, pambuyo pa zaka mazanamazana, ina masauzande. Uyo anali kashiamu wa m'mitsempha osati wa mumnofu, komabe zikukuonetsani kuti thupi lomwe lapezeka mochedwa kapena lafukulidwa, CT ndi yomwe ingakupatseni kanthu.

Koma tsono CT ili ndi misampha yake ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri akangomva kuti sikani amaganiza kuti nkhani yatha. Choyamba, si chilichonse choyera chomwe chili kashiamu. Munthu akamwalira magazi amadikha, maselo ofiira nkutsikira pansi, ndiye m'zipinda za mtima mumaoneka mzere wowala womwe munthu wosazolowera zithunzi za malemu atha kuutenga ngati matenda. Mankhwala aja amabaya wodwala kuti sikani ioneke bwino, ngati anabayidwa atatsala pang'ono kumwalira, amatsalira m'thupi nkumayera. Mawaya a pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda kaja, timachubu tachitsulo totsegula mitsempha, timapini ta opaleshoni, zonsezi zimawala nkumwaza mizere yophimba zapafupi. Chachiwiri, mwala pa CT umaoneka waukulu kuposa mmene ulili chifukwa kuwala kwake kumasefukira m'mbali. Chachitatu, ndipo ichi nchachikulu, kashiamu wongoyamba kumene, yemwe ali m'maselo amodziamodzi omwazikana, ndi wamng'ono kwambiri moti makina samuona, chithunzi nkutuluka choyera bwino pomwe mnofu uli ndi vuto. Ndiye sikani ikati palibe, sizikutanthauza kuti palibedi.

Ndipo chomwe chimapha anthu ambiri a mtima mwadzidzidzi, kutsekeka kwatsopano kwa mtsempha, CT wamba saona chifukwa magazi sakuyenda ndipo mnofu wongofa kumene umaoneka chimodzimodzi ndi wabwino. Kafukufuku wa ku Manchester ndi Oxford yemwe anatuluka mu The Lancet mu 2012 anayerekeza anthu 182 omwe anajambulidwa kenako nkutsegulidwa, ndipo pa chifukwa cha imfa CT inasemphana kwambiri ndi zomwe mpeni unapeza pa anthu 32 mwa 100 aliwonse, MRI, sikani ina ija yogwiritsa ntchito maginito, pa 43, ndipo matenda a mitsempha ya mtima anali m'gulu la zomwe zinkaphonyedwa kawirikawiri. Pofuna kukonza zimenezi anayamba kupopera mankhwala owala m'mitsempha ya malemu kuti aone potsekeka, ndipo ku Leicester mu 2017 anaonetsa kuti njira imeneyi inapereka chifukwa cha imfa pa anthu 193 mwa 210 omwe anasankhidwa. Nzabwino kwambiri, koma pa nkhani yathu ya kashiamu pali lamulo limodzi lomwe siliyenera kuphwanyidwa: jambulani kaye musanapopere kanthu, chifukwa mankhwalawo nawonso amayera ndipo akalowa mumnofu simudzasiyanitsanso.

MRI anthu amaiona ngati yapamwamba kuposa CT chifukwa ndi yodula, koma apa ayi. Kashiamu pa MRI nthawi zambiri amangooneka ngati kadontho kakuda, ndipo mpweya wa kuwola nawo ndi wakuda, zotsalira za magazi akale nazo nzakuda, ndiye mungadziwe bwanji. Imatenga nthawi yaitali, zithunzi zimasintha malinga ndi kuzizira kwa thupi lochokera mufiriji ya ku mochale, ndipo zipatala zambiri makinawa amakhala otanganidwa ndi amoyo. Mphamvu yake ili pa mnofu wofewa, kutupa, chipsera, mafuta olowerera m'khoma, komanso kwa makanda imathandiza ndithu. Ndiye ngati funso ndi loti kodi mnofu wozungulira mwalawo uli bwanji, MRI ili ndi chonena, koma ngati funso ndi loti mwala ulipo kapena ayi, musavutike nayo.

Njira ya singano, yomwe amati MITS, ndi ya mabanja omwe sakufuna kuti thupi litsegulidwe, kaya chifukwa cha chipembedzo kaya chifukwa mtima sukulola basi, ndipo ine sindingawaweruze, imfa ndi yowawa kale. Amabaya singano yaikulu kudzera pakhungu nkutenga tizidutswa tooneka ngati ulusi kuchokera m'mapapo, chiwindi, ubongo, mtima, komanso magazi. Pa matenda opatsirana omwe afalikira chiwalo chonse imagwira ntchito bwino. Koma miyala ya mumtima imakhala apa ndi apo, ndiye kubaya mongoyerekeza kuli ngati kupisa dzanja m'thumba la mchenga kusaka kamwala kamodzi, mutha kutenga mnofu wabwinobwino pomwe vuto lili sentimita imodzi pambali. Singano imakhala ndi nzeru ikamatsogoleredwa ndi CT, mwaona pomwe payera, mwalozetsa pomwepo, mwatenganso m'mphepete mwake. Apo ndiye mwapeza zambiri thupi lisanatsegulidwe. Chomwe simungachipeze ndi kulemera kwa mtima, mkati mwa mitsempha yonse, ndi timawaya tamagetsi ta mtima.

Kutsegula thupi, positimotemu yeniyeni, ndi njira yakale koma mpaka pano ndi yomwe zina zonse zimayezedwa nayo. Dokotala amauchotsa mtima nkuuika pasikelo, wa munthu wamkulu umalemera magalamu cha pakati pa 250 ndi 350, ukapyola kwambiri ndiye kuti pali nkhani kale. Mitsempha ya coronary amaidula modutsa pa mamilimita atatu aliwonse kusaka potsekeka, ndipo ikakhala youma kwambiri amaichotsa yathunthu kuti akaifewetse kaye. Kenako mnofu amaudula m'magawo okhuthala pafupifupi sentimita imodzi kuyambira kunsonga kukwera m'mwamba nkuwayala motsatana, apa ndi pomwe kaphokoso kaja kamamveka. Maso amaona mtundu, chipsera chakale chimakhala choyera cholimba, pongofa masiku angapo apitawo pamakhala pachikasu pofewa pozunguliridwa ndi mzere wofiira, ndipo chala chimamva zomwe diso laphonya. Komanso dokotala yemweyo amaona impso ngati zinafota, amasaka timaglandi ta parathyroid ngati tatupa, amafinya mapapo kumva ngati ali ndi mchenga. Palibe makina omwe amachita zonsezi pakamodzi.

Koma nayo ili ndi pofooka, tisabise. Pakati pa gawo ndi gawo pali sentimita yathunthu yomwe diso silinaone, ndiye kamwala kakang'ono katha kubisala momwemo. Zimadaliranso kuti wagwira mpeni ndi ndani ndipo ali ndi nthawi yochuluka bwanji, munthu wotopa yemwe ali ndi matupi ambiri omudikira sangafufuze mofanana ndi katswiri wa mitima. Ndipo ukadula wadula, sungabwezeretse. Kumbali ya chilolezo, positimotemu ya kuchipatala imafuna kuti achibale avomere, pomwe ya imfa yokayikitsa imalamulidwa ndi malamulo a dziko ndipo m'maiko ambiri banja silingaikane.

Tsopano maikulosikopu, yomwe kwa ine ndi pomwe pagona nkhani yonse. Tizidutswa ta mnofu timaikidwa mu fomalini, kenako mu phula, nkusengedwa mopyapyala kwambiri, mamaikulomita atatu mpaka asanu, nkuikidwa pagalasi. Utoto wa masiku onse wotchedwa H&E umapangitsa mnofu kukhala wapinki ndipo kashiamu amaoneka wabuluu woderako, timibulu kapena timapale tosweka. Mukayang'ana mumatha kuona selo imodzi ya mtima itasanduka yabuluu yonse koma mpangidwe wake ulipobe, yoyandikana nayo ili bwinobwino, chinthu choti CT siingachione ngakhale pang'ono. Koma buluu yekha si umboni, magulu a mabakiteriya ndi zinyenyeswa za maselo nazo zimatha kuoneka choncho, ndiye pamafunika utoto wotsimikizira, ndipo ulipo wa mitundu iwiri womwe anthu amakonda kuusokoneza.

Von Kossa, yemwe anayamba mu 1901, amagwiritsa ntchito siliva, galasi nkuliika pa kuwala, pomwe pali mwala nkuda kuti bii. Amaoneka bwino zedi, olo kadontho kakang'ono kamaonekera patali, koma chomwe ambiri amaiwala nchoti utotowu sugwira kashiamu mwiniwakeyo, umaonetsa fosifeti kapena kaboneti yemwe wagwirana naye. Alizarin red S ndi yemwe amagwirana ndi kashiamu weniweni nkufiira ngati lalanje. Ndiye wina amaonetsa mnzake wa kashiamu, wina amaonetsa mwiniwake, ndipo labu yosamala imachita zonse ziwiri pa magalasi otsatana. Palinso chinthu chachitatu chosafuna utoto, kungoyatsa kuwala kwa polarized, kosefedwa ndi kagalasi kapadera, pa maikulosikopu. Miyala ya mtundu wa oxalate imanyezimira pamenepo pomwe von Kossa wamba saigwira bwino, ndipo imeneyi imaloza ku impso zomwe zinalephera kwa nthawi yaitali kapena ku matenda akumtundu otchedwa primary hyperoxaluria. Kungotembenuza kagalasi kamodzi basi, koma ngati palibe waganizira, palibe adzaone.

Pali cholakwika chimodzi cha mu labu chomwe chimandiwawa mtima ndikachiganiza chifukwa nchopeweka. Kachidutswa kakakhala kolimba kamabunthitsa lumo la makina osengera ndipo gawo limang'ambika, ndiye wa mu labu, pofuna kuti ntchito iyende, amakaviika mu asidi kapena mu EDTA kuti kafewe. Kafewadi, koma chomwe chachoka ndi kashiamu yemweyo timamusaka uja, von Kossa ndi Alizarin nkutuluka opanda kanthu, lipoti nkulembedwa kuti sanapezeke. Fomalini wosasakanizidwa bwino, yemwe wakhalitsa nkusanduka wa asidi, naye amasungunula pang'onopang'ono timibulu tating'ono. Mankhwala ake ngosavuta: dokotala alembe pa fomu kuti akusaka kashiamu, kachidutswa kamodzi ka m'mphepete komwe sikolimba kwambiri kasaviikidwe mu asidi, ndipo ngati nkotheka ajambule ekisire asanaviike.

Maikulosikopu ndi yomwenso imanena zaka za vutolo. Mwala wozunguliridwa ndi chipsera chouma chopanda maselo otupa ndi wakale, munthuyo wakhala nawo nthawi yaitali, poti chipsera cha mumtima chimatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti chikhwime. Maselo owuma omwazikana pakati pa mnofu womwe ukufa kumene, maselo oyera a magazi ali piringupiringu kuchotsa zakufa, ameneyo ndi wa masiku kapena masabata apitawa ndipo akugwirizana ndi kudwala komaliza. Kashiamu yemwe wakuta timitsempha ting'onoting'ono ndi maselo ooneka amoyo popanda chipsera, mapapo ndi impso zilinso chimodzimodzi, ameneyo akuloza ku magazi. Ndipo ngati dokotala wadula dera la timawaya tamagetsi, AV node ndi mtolo wa His, nkupeza kuti mwala wochokera pa mkombero wa valavu walowerera nkudula njirayo, apo ndiye pali chifukwa chomveka choti mtima unaima mwadzidzidzi. Dera limeneli ndi laling'ono ndipo silidulidwa pa positimotemu iliyonse, amachita kulifuna dala.

Za kuyeza magazi a malemu ndingoti samalani nazo. Munthu akamwalira maselo amatulutsa zomwe anasunga, potaziyamu ndi fosifeti zimakwera zokha, ndiye manambala a pambuyo pa imfa sanena zoona za mmene zinalili ali moyo. Madzi a m'diso amasungika bwinoko ndipo urea ndi creatinine wa mmenemo amathandiza kudziwa ngati impso zinali zitalephera. Koma zabwino koposa ndi zotsatira za magazi zomwe zili mu failo ya kuchipatala, zomwe anayeza munthuyo akupuma.

Ndiye tisankhe chiti? Zonse zikakhalapo, ine ndinganene kuti CT kaye popanda kupopera kanthu kuti ikhale ngati mapu, kenako kutsegula motsogoleredwa ndi mapuwo, kenako maikulosikopu ndi mautoto onse awiri. Njira izi sizipikisana, ina imatseka dzenje la inzake. Banja likakana kutsegula, CT ndi singano yolozetsedwa pomwe payera ndi zomwe zingafike pafupi, koma banjalo liuzidwe moona mtima kuti yankho litha kutuluka losakwanira, asalonjezedwe zomwe njirayo siingapereke. Komwe kulibe CT, positimotemu yosamala, ekisire wa mtima utachotsedwa, ndi tizidutswa tokwanira totengedwa kumakoma onse, zimafika patali kwambiri. Thupi likakhala loti lawonongeka kale, CT ikhale patsogolo. Ndipo mutandikakamiza kuti ndisankhe imodzi yokha, ndisankha kutsegula pamodzi ndi maikulosikopu, olo ndikudziwa kuti kamwala kena katha kuphonyedwa, chifukwa anamfedwa sanabwere kudzawerenga miyala, abwera kudzamva chomwe chatenga m'bale wawo.

Apa mpomwe ndimapempha aliyense wolemba kapena wowerenga lipoti kuti asathamange. Munthu wa zaka 75 yemwe ali ndi chipsera chouma kunsonga ya mtima atha kukhala kuti wafa ndi magazi oundana omwe atseka mtsempha wa m'mapapo, kapena kukha magazi muubongo, kapena mankhwala omwe anamwa, mwala uja unali chabe mboni ya matenda omwe anapulumuka zaka khumi zapitazo. Chinthu chowala pa sikani chimakopa maso ndipo nkosavuta kuchiloza chala kufufuza nkuthera pomwepo. Inde chipsera chouma chimatha kusokoneza magetsi a mtima nkupha munthu mwadzidzidzi, khoma louma limalephera kumasuka kuti magazi alowe, koma dokotala amafika pa chigamulo chimenecho atayang'ana kaye ubongo, mapapo, m'mimba ndi zotsatira za poizoni nkupeza kuti kulibe china.

Mukalandira lipoti lonena za kashiamu mumtima wa m'bale wanu, muli ndi ufulu wokhala pansi ndi dokotala nkufunsa kuti anali mumnofu, mumtsempha, pa valavu kapena pa kathumba kakunja, anatsimikiza ndi utoto uti, impso ndi parathyroid zinali bwanji, ndipo akuona kuti ndi amene anapha kapena anangopezekapo. Funsaninso ngati tizidutswa ta mu phula tasungidwa, chifukwa timeneto timakhala zaka zambiri osawonongeka ndipo katswiri wina atha kudzatisenganso nkuyang'ana. Ngati malemu anali mwana kapena wachinyamata ndipo miyala yake ndi ya oxalate, kapena timaglandi ta parathyroid tinapezeka totupa popanda vuto la impso, auzeni adokotala kuti abale ake a bere limodzi komanso ana ake akufuna kuyezedwa magazi ndi mkodzo.